Nzeru za Manja, Gawo 3: Chida Nchako Ukamva Chilankhulo Chake

M'gawo lapitalo tidakamba za kabokosi kolembera machip a memory, kamene amisiri amakatcha programmer, ndipo tidaona kuti wachinyamata wodziwa kulumikiza mawaya angathe kukamanga yekha pa thebulo. Lero tifike pa funso limene limabwera kabokosiko kakatha: kodi tizikalamula bwanji kuchokera pa kompyuta? Maganizo anga ndi akuti amene wamanga kabokosi alembenso yekha pulogalamu yokalamulira, ndipo ikhale ya command line, ndiko kuti yomvera malamulo olembedwa m'mawu pa kiyibodi, yopanda mabatani kapena zithunzi zodina. Ena adzati kumeneku nkubwerera m'mbuyo. Ine ndikuti ntchito imeneyi ndi sukulu yabwino imene wotsiriza Folomu 4 angalowe popanda fizi, ndiponso aphunzitsi a Computer Studies ayenera kuiganizira mofatsa.

Poyamba tikumbutsane za chinthu chimene tikulembamo. Chip ya memory tingaiyerekeze ndi nyumba yaitali ya zipinda zambirimbiri. Chipinda chilichonse chili ndi nambala yake, imene tiitche keyala, ndipo m'chipindamo mumakhala baiti imodzi, ndiye kuti mabiti 8, biti iliyonse ili 0 kapena 1. Mu 1971 Dov Frohman wa kampani ya Intel ku America adatulukira EPROM, chip yosaiwala ngakhale magetsi atazima, koma yotheka kufufuta. Imodzi mwa zoyambirira, Intel 1702, inkasunga mabaiti 256 okha. Pamsana pake padali kazenera ka quartz, ndipo woifufuta ankaiyanika pa nyali ya ultraviolet kwa mphindi ngati 20. Pambuyo pake padabwera EEPROM, imene imafufutika ndi magetsi popanda nyali. Chitsanzo chathu chikhale AT28C256, EEPROM ya mabaiti 32,768 ndi miyendo 28: miyendo 15 ndi ya keyala, 8 ndi yodutsa mabiti, 3 ndi yolamulira, ndipo 2 ndi ya magetsi. Kakompyuta ka Arduino Nano kamene kali m'kabokosi kathu kali ndi miyendo 20 yokha yolamulika, nchifukwa chake tidakathandiza ndi machip awiri a 74HC595 kuti aziimika keyala.

Pakati pa kompyuta ndi kabokosi pali njira ya serial. Pa njira imeneyi mabiti amayenda imodziimodzi, ina pambuyo pa inzake, monga anthu pa kanjira ka kudimba. Waya mmodzi ndi wopita, wina ndi wobwera. Malamulo otchuka a njirayi, otchedwa RS-232, adayamba mu 1960. Masiku ano chingwe ndi cha USB, koma kompyuta imachionabe ngati khomo la serial, ndipo imalipatsa dzina longa COM3 pa Windows kapena /dev/ttyUSB0 pa Linux. Baiti iliyonse imayenda ndi mabiti awiri operekeza, woyambira ndi wotsekera, kotero imadya malo a mabiti 10. Motero pa liwiro la 9,600 mumadutsa mabaiti 960 pa sekondi, ndipo pa liwiro la 115,200 mumadutsa mabaiti 11,520. Sungani manambalawa, pakuti tiwafuna posachedwa.

Tsono nchifukwa ninji munthu avutike kulemba pulogalamu yake? Chifukwa choyamba nchakuti chida chimene chilankhulo chake nchobisika chimafa pamodzi ndi pulogalamu yake. Amisiri akale akukumbukira programmer yotchedwa Willem, imene inkalumikizidwa pa khomo la parallel, lija lalikulu la pulinta. Makompyuta atsopano alibenso khomo limenelo, ndipo ambiri amene ali nayo amasunga kompyuta yakale pakona chifukwa cha iyo yokha. Chitsanzo china ndi TL866 ya ku China, imene opanga ake adaitulutsa ndi pulogalamu ya Windows yokha. Ogwiritsa ntchito Linux adathandizika pamene Valentin Dudouyt ndi anzake odzipereka adafufuza mauthenga oyenda m'chingwe chake, nalemba pulogalamu yaulere ya command line yotchedwa minipro. Ntchito yonseyo idakhalapo chifukwa chilankhulo cha chidacho sichidalembedwe poyera. Amene wapanga yekha chilankhulo cha kabokosi kake, nachilemba pa pepala, angathe kukalamula ndi kompyuta iliyonse imene idzabwere, ngakhale patapita zaka 20.

Chifukwa chachiwiri, chimene ndifuna tikhalepo nthawi, ndi maphunziro amene ali m'ntchito yeniyeniyo. Phunziro loyamba ndi la kupangana. Waya amangonyamula mabaiti; sadziwa kuti iyi ndi lamulo, iyi ndi katundu. Wophunzira ayenera kukhala pansi ndi kuganiza kuti kabokosi kadzadziwa bwanji poyambira lamulo ndi pothera pake. Langizo langa ndi lakuti malamulo akhale zilembo zoti munthu nkuwerenga. Mwachitsanzo, mzere wakuti L 128 64 utanthauze kuti lemba kuyambira pa keyala 128, mabaiti 64 akubwera. W utanthauze werenga. Ndipo kabokosi kaziyankha INDE kapena AYI pamodzi ndi chifukwa chake. Ubwino wake ngwakuti munthu angathe kuyesa kabokosi ndi manja, akulemba malamulowo yekha pa kiyibodi, pulogalamu isanalembedwe nkomwe. Vuto likadzabuka adzadziwa msanga ngati lili m'kabokosi kapena m'kompyuta. Adzaonanso kufunika konena kuchuluka kwa katundu asanatumizidwe: baiti ya nambala 10, imene m'malemba imatanthauza kutha kwa mzere, ingathe kupezeka pakati pa katunduyo, ndipo kabokosi kodalira kutha kwa mzere kadzaima njira isanathe.

Palinso mwambo wa pakhomo. Arduino ili ndi khalidwe lakuti kompyuta ikangotsekula khomo la serial, iyo imayambiranso, ndipo kwa sekondi imodzi kapena ziwiri siimva kanthu. Pulogalamu yothamangira kutumiza lamulo nthawi imeneyo ikulankhula ndi munthu wogona. Ena amangoika lamulo lakuti kompyuta idikire masekondi awiri, koma njira yabwino ndi ija tonse tidaphunzira kwa makolo: mlendo amaodira, nayembekeza kuti eni nyumba amuyankhe. Kabokosi kakadzuka kanene mawu amodzi, monga NDAKONZEKA, ndipo pulogalamu isayambe ntchito isanamve mawuwo. Koma isadikirenso mpaka kalekale. Pakapita masekondi asanu popanda yankho, iuze mwini wake momveka kuti khomo lakuti silikuyankha, aone chingwe.

Phunziro lachiwiri ndi la kudekha, ndipo apa manambala aja agwira ntchito. AT28C256 ikalandira zolemba imatenga mpaka mamilisekondi 10 kuti izikhazikitse, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi. Kwa munthu imeneyi si nthawi, koma pa liwiro la 115,200 m'kanthawi komweko mungathe kufika mabaiti 115. Kankhokwe ka Arduino Nano kolandirira mauthenga a serial kamasunga mabaiti 64 okha, ndipo owonjezera amatayika mwakachetechete, monga madzi othira m'chidebe chodzaza kale. Wophunzira amene pulogalamu yake imangokhuthula fayilo yonse m'chingwe adzaona chiyambi cha chip chili bwino, koma kutsogolo kuli zosokonekera. Kusungira fayilo yonse m'kabokosi nakonso nkosatheka, pakuti Nano ili ndi malo a mabaiti 2,048 okha, pamene fayilo ingafike 32,768. Njira ndi imodzi: kompyuta itumize mtolo waung'ono, idikire INDE, kenaka itumize wina.

Nanga mtolowo ukhale waukulu bwanji? Yankho lili m'pepala la opanga chip, limene wophunzira ayenera kuzolowera kuwerenga. Chip imeneyi imalola kulemba mabaiti 64 pamodzi, amene amatchedwa tsamba, ndipo tsamba lonse limatenga mamilisekondi 10 omwe aja. Tiyeni tiwerengere. Kulemba baiti imodziimodzi, uku mukudikira mamilisekondi 10 pa iliyonse, kumadya masekondi 328, ndiye kuti mphindi zisanu ndi theka. Kulemba masamba 512 a mabaiti 64 kumadya masekondi 5 ndi pang'ono, kuwonjezapo masekondi 3 a ulendo wa m'chingwe. Koma tsamba lili ndi malamulo ake. Mabaiti ake onse ayenera kukhala m'malire amodzi, oyambira pa keyala yogawika ndi 64, ndiponso baiti iliyonse itsatire inzake pasanathe mamaikulosekondi 150. Nchifukwa chake kabokosi kayambe kalandira mtolo wonse, kenaka nkuupereka ku chip mwaliwiro. Chip nayo ili ndi njira yonenera kuti yatha: pamene ikulemba, mukaifunsa baiti yotsiriza, biti yapamwamba imabwera yotembenuka, ndipo ikabwera yolondola ndiye kuti ntchito yatha. Wophunzira amene wamvetsa zimenezi waphunzira kufunsa m'malo mongoganizira.

Nzeru ya mitolo imeneyi si yatsopano. Mu 1977 Ward Christensen wa ku Chicago adalemba njira yotumizira mafayilo pa mawaya a telefoni, imene idadzatchedwa XMODEM. Fayilo inkadulidwa m'mitolo ya mabaiti 128, mtolo uliwonse uli ndi nambala yake, ndipo kumapeto kwake kunkaikidwa checksum, nambala yopezeka powonkhetsa mabaiti onse a mu mtolowo. Wolandira ankawonkhetsanso yekha. Zikagwirizana ankavomera, zikasiyana ankapempha kuti mtolowo ubwerezedwe. Wachinyamata amene wavutika yekha ndi mabaiti otayika, akadzamva za XMODEM sadzafuna kuloweza, chifukwa adzakhala atadziwa kale chimene chidaibala.

Phunziro lachitatu ndi la kutsimikiza. Checksum imangochitira umboni kuti mtolo wafika bwino ku kabokosi. Siinena ngati walowadi m'chip. AT28C256 ili ndi loko wotchedwa software data protection. Loko ameneyu akakhala wotseka, chip imakana zolemba zonse zosatsogozedwa ndi mabaiti atatu apadera otumizidwa ku makeyala awiri odziwika, ndipo imakana osadandaula. Kabokosi kadzanena INDE pa mtolo uliwonse, pamene m'chip simudasinthe kanthu. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Pulogalamu yabwino ikatha kulemba iwerenge chip yonse, kuyambira keyala 0 mpaka 32,767, ndi kuyerekeza baiti iliyonse ndi ya m'fayilo. Ikapeza kusiyana isangoti zalephereka. Inene keyala yake, chimene chimayembekezeka ndi chimene chapezeka. Lipoti lotere ndilo limaloza pamene pali matenda. Ngati biti imodzimodzi ndiyo ikulakwika m'zipinda zambiri, mwendo umodzi mwa 8 ija sukugunda bwino. Ngati theka loyamba la chip likufanana ndi lachiwiri, waya wa keyala wapamwamba ndiye wamasuka. Kumeneku ndiko kuganiza kwa mmisiri weniweni, ndipo sikuphunzirika pa batani longosanduka lobiriwira kapena lofiira.

Phunziro lachinayi ndi la kuopa zosabwezeka. Amisiri okonza mawailesi a kanema ndi malaputopu amadziwa kuti zimene zili m'chip ya kasitomala nthawi zina sizipezeka kwina kulikonse. Ukalemba pamwamba pake usanakopere, makina a eni ake angathe kufa m'manja mwako, ndipo madzi akatayika saoleka. Choncho pulogalamu yathu izikhala ndi chizolowezi chowerenga chip kawiri, kuona ngati zowerengazo zikufanana, ndi kusunga kope pa kompyuta isanalembe kanthu. Magetsi akazima ntchito ili pakati, kopelo ndilo lidzakupulumutsa. Izikananso kugwira ntchito isanauzidwe dzina la chip. Taonani 27C256 ndi 28C256: zonse zili ndi miyendo 28, zonse zimasunga mabaiti 32,768, ndipo maina ake akusiyana nambala imodzi. Koma pa 27C256, imene ndi EPROM, mwendo woyamba umalandira mavolti pafupifupi 13 polemba, pamene pa 28C256 mwendo womwewo ndi wa keyala, woyenera mavolti 5. Kabokosi kakadzakula nkuyamba kulemba mitundu yonse iwiri, kulakwitsa dzina kungathe kuotcha chip. Pulogalamu imene imafunsa kaye, ngakhale ikhale yotopetsa, ndiyo bwenzi la mmisiri. Safunsa adadya phula.

Tsopano wina afunse: zonsezi zingachitikenso m'pulogalamu ya mawindo ndi mabatani, nanga command line yapambana pati? Yapambana pakuti lamulo lolembedwa limasungika. Mzere wakuti chip lemba 28C256 mayeso.bin ungathe kulembedwa pa bolodi, kukoperedwa m'kope, kapena kutumizidwa pa foni kwa mnzako wa kutali, ndipo iye adzachita chimodzimodzi chimene iwe udachita. Kufotokozera munthu mabatani oti adine, ndi mabokosi oti achonge, kumatenga tsamba lathunthu, ndipo chimodzi chimaiwalika. Chinanso, pulogalamu ya command line ikatha ntchito imasiya nambala yonena m'mene zayendera: 0 ngati zonse zili bwino, nambala ina ngati zalakwika. Chifukwa cha nambala imeneyi mapulogalamu angathe kulumikizidwa, kuti lamulo limodzi likonze fayilo, liilembe m'chip, ndi kuima pomwepo ngati china chalephera. Amenewa ndi maganizo a anthu amene adayamba Unix ku Bell Labs mu 1969, Ken Thompson, Dennis Ritchie ndi anzawo, akuti pulogalamu iliyonse izichita ntchito imodzi bwino ndi kugwirizana ndi zinzake. Komanso nthawi ya wophunzira ndi yochepa. Amene ayamba ndi mawindo amatha masabata akukongoletsa mabatani, pamene nkhani ya kankhokwe kosefukira sadaikhudze.

Sindikufuna kubisa zimene otsutsa anganene, pakuti zina nzoona. Akuti programmer yogula siidula kwambiri, imadziwa machip zikwizikwi, ndipo mapulogalamu aulere monga minipro, avrdude ndi flashrom alipo kale. Ndikuvomera kuti mmisiri amene kasitomala wamukhalira pa benchi agwiritse ntchito zimenezo, asataye nthawi. Koma cholinga cha wophunzira nchina. Iye akufuna kuti tsiku limene chida chogulacho chidzanene kuti zalephereka, adzadziwe poyambira kufufuza, m'malo mongobwereza kudina kapena kutaya chip yabwinobwino. Chimodzimodzinso amene akuti pulogalamu yotere nkungoikopera pa intaneti: kukopera nkosavuta, koma wokopera amasowa chochita mtolo wa nambala 200 ukakanidwa.

Ena akuti machip a miyendo 28 ndi a makedzana, dziko lili pa flash memory, imene Fujio Masuoka adatulukira ku Toshiba m'zaka za m'ma 1980. Nzoona kuti timachip ta miyendo 8 ta mtundu wa 25, timene timapezeka m'malaputopu ndi m'mawailesi a kanema, ndito tikugwiridwa kwambiri lero. Koma taonani malamulo ake. Nato timalembedwa m'masamba, kawirikawiri a mabaiti 256. Nato tili ndi biti yonena kuti ndikadali pa ntchito, dikira. Nato tili ndi loko, ndipo tiyenera kufufutidwa kaye tisanalembedwe, monga EPROM ya 1971. Amene waphunzira pa chip yakale, imene miyendo yake ndi yaikulu yoti nkuigwira ndi kuiyeza ndi mita, sadzaona chachilendo pa yatsopano.

Otsala akuti sikirini yakuda yodzaza zilembo imaopsa oyamba kumene. Mantha amenewa amatha pa tsiku limodzi, makamaka wophunzira akazindikira kuti malamulo amasankha yekha. Palibe chomuletsa kuwatcha werenga, lemba, yerekeza ndi fufuta, kapena kulemba mauthenga onse a pulogalamuyo m'Chichewa. Kompyuta ilibe chilankhulo chimene imakondera. Mwana amene waona makina akumvera lamulo la m'chinenero cha kwawo, limene iye mwini adalikonza, amayamba kuiona kompyuta ngati khasu kapena sowo, chinthu chopangidwa ndi anthu chimene iyenso angapange.

Kwa inu aphunzitsi, ndipereke maganizo a m'mene ntchitoyi ingayendere m'kalasi. Kabokosi kamodzi ndi kompyuta imodzi yakale nzokwanira. Chilankhulo cha Python, chimene Guido van Rossum adatulutsa mu 1991, nchaulere, pamodzi ndi pySerial yolankhulira ndi khomo la serial, ndipo mukaziika pa kompyuta simufunanso intaneti. Opanga AT28C256 amati ingalembedwe ka 10,000, choncho chip imodzi idzatumikira makalasi a zaka zambiri. Gawani ophunzira m'magulu awiri, lina lilembe za m'kabokosi, lina za pa kompyuta, ndipo pakati pawo pakhale pepala limodzi lokha la pangano, lonena malamulo ndi mayankho ake. Tsiku lolumikiza mbali ziwirizo adzaona okha kuti mawu amene ankayesa omveka adamveka pawiri, ndipo adzabwerera ku pepala kukakonza. Ayambe ndi werenga, popeza kuwerenga sikuononga kanthu, atsatize yerekeza, lemba abwere potsiriza, pamene chida choyesera ntchito yawo chili kale m'manja. Zonse zikayenda, masulani waya mmodzi iwo asakuona, ndipo muwapemphe kuti amupeze pogwiritsa ntchito lipoti la pulogalamu yawo yokha. Mayeso amenewo adzakuuzani zambiri kuposa mafunso a pa pepala.

Ndipo kwa inu amene mwatsiriza sukulu ndipo mukudikira malo ku koleji kapena ntchito, musaipeputse ntchitoyi chifukwa cha kuchepa kwake. Pulogalamu yonse siipitirira mizere mazana ochepa, koma woilemba amatuluka atadziwa kuwerenga pepala la opanga chip, kupangana momveka, kudikira yankho, ndi kusakhulupirira ntchito yake asanaiyese. Makina ambiri a m'mafakitale, masikelo, ndi zipangizo zoyezera zimalankhulabe pa serial, ndipo zimafuna anthu a makhalidwe omwewa. Yambani ndi lamulo limodzi sabata ino, lowerenga mabaiti 16 oyambirira ndi kuwaonetsa pa sikirini. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

M'gawo lotsatira tidzaona mafayilo a mtundu wa Intel HEX, amene mzere uliwonse umanyamula keyala yake ndi checksum yake, ndi m'mene pulogalamu yathu ingawawerengere.